Mtengo wa Mango pa Chiguduli cha Abiti Jali

Dzulo akwana masiku makumi anayi chiwaikire m'manda Abiti Jali. Anzawo achisilamu anaphika mpunga wa sadaka m'chipinda mwathu muno mu Al Mansoura, kuno ku dziko la eni kumene tinabwera kudzagwira ntchito, ndipo ife a tchalitchi tinadya nawo, pakuti mayi amene uja pokalipira anthu sankasankha chipembedzo. Alendo atabalalika ndinatsala ndikusesa. Tsache linatulutsa kansalu kobiriwira kunsi kwa bedi lawo, kotalika ngati chala, kokwinyikakwinyika. Ndinakazindikira pomwepo, ndipo ndinakhala pansi n'kulira kuposa mmene ndinalirira tsiku la maliro.

Ndinakhala nawo chipinda chimodzi zaka zinayi. Tinalimo akazi asanu, tonse a kampani imodzi yoyeretsa m'nyumba za anthu ku The Pearl, ndipo wamkulu anali iwo. Dzina lawo la pa pasipoti palibe ankalitchula. Anali Abiti Jali basi, mwana wa Che Jali a ku Ntaja, ndipo tikafuna kuwanyengerera tinkati Amama. Anali aafupi, a mapewa otambalala, oyenda ngati akuthamangira mkaka umene ukusefukira pamoto. Asanabwere ku kampani anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri pa nyumba ina ku Al Aziziya, kulera ana a eni ake, ndipo ankanyadira kuti anawasiya anawo akudziwa kukalipirana m'Chiyao.

Sindinganame kuti anali munthu wofewa. Nkhondo yathu yoyamba inali ya AC, makina oziziritsa m'chipinda. Iwo ankati mphepo yake imalowa m'mafupa, choncho rimoti ankagona nayo pansi pa pilo. Ife achinyamata tikutuluka thukuta, iwo ali phee m'bulangete. Tiyi wawo ankathira shuga mpaka supuni kuima. Ukachedwa kudzuka basi ya kampani ili pafupi, sankakudzutsa ndi mawu, ankangokukoka chala cha kuphazi. Ukakhala pabedi maso ali pa foni tsiku lonse la Lachisanu, lomwe linali tsiku lathu lopuma, ankakuponyera sizasi ndi mulu wa nsanza. Ankati munthu wa manja aulesi kunja kuno mtima wake umathawira kumudzi n'kusiya thupi lokha, ndipo thupi lopanda mtima ndi limene limaswa mbale za abwana.

Manja awo sankakhala chabe. Pansi pa nyumba yathu pali lesitilanti ya amwenye, ndipo mwini wake ankawasungira ziguduli za mpunga. Ankazichapa, kuzisoka pamodzi, n'kuzikunga pa felemu ya matabwa imene ankaitsamiritsa pa zenera. Zovala zakutha ankazidula timizere topyapyala. Akatero ankakhala pa kampando kawo, dzanja lamanzere kuseri kwa chiguduli litagwira kamzere ka nsalu, lamanja kutsogolo litagwira kangowe. Ankabaya, n'kukokera kansaluko kuti katuluke kopindika ngati khutu la mbewa, kusuntha pang'ono, n'kubayanso. Panalibe mfundo, panalibe singano. Tinsaluto tinkagwirana chifukwa chothithikana, ndipo iwo ankati n'chimodzimodzi ife m'chipinda chino. Anatichenjeza tsiku loyamba kuti aliyense wokoka nsonga imene yatulukira adzaona chimene chinameta nkhanga mpala, chifukwa ukakoka nsonga imodzi mzere wonse umasololoka.

Kangoweko kanali msomali wautali umene malemu amuna awo anaupala n'kuupinda kunsonga, chogwirira chake cha mlombwa, chosalala ndi thukuta la zaka. Luso anaphunzira kwa mayi awo, amene ankaluka zopondera pakhomo. Nawonso kuno anayamba ndi zopondera. Mmalawi aliyense wa mbali ino ya mzinda amene anakwatira kapena kubwerera kumudzi analandira chake, ndipo wolandira ankauzidwa kuti achipondedi, asachipachike pakhoma ngati kalendala.

Koma ntchito yawo yeniyeni inali kapeti yaikulu ya pabalaza pa nyumba imene ankamangitsa ku Ntaja. Ine ndinaipeza itayambika kale. Poyamba ndinkaona mabala a mitundu basi, kenako zinthu zinayamba kutuluka. Patali panali phiri la Chikala. Panali kanyumba ka udzu, nkhuku ziwiri, njira yafumbi yobwera kwa woyang'ana, ndi mtengo waukulu wa mango umene unatenga pafupifupi theka la chiguduli. Pansi pa mtengowo panaima kamtsikana ka diresi lofiira.

Anatenga chaka asanandiuze kuti kamtsikanako ndi ndani. Anali Asiyatu, mwana wawo mmodzi yekhayo. Tsiku limene ankanyamuka kubwera kuno, mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ankafuna kuwaperekeza mpaka ku msewu. Dzuwa linali likuswa mtengo. Anamuimika pansi pa mango n'kumuuza kuti aime pamthunzi pomwepo, asawatsatire, abwera posachedwa. Mwanayo anamvera. Iwo atakwera kabaza anacheuka kamodzi, ndipo zimene anaona pocheukapo ndi zimene ankaluka. Kumudzi anapitako kamodzi kokha, patatha zaka zitatu. Pambuyo pake tchuthi chilichonse ankachikana kuti nyumba ikwere msanga. Ankati nyumba ikatha ndi kapeti ikatha, adzapita osabwereranso, adzayala kapetiyo pabalaza, iwo ndi Asiyatu adzakhalapo n'kutambasula miyendo.

Vuto linali mtundu wobiriwira. Dziko lino nsalu zotayidwa ndi zakuda ndi zoyera. Mikanjo ya abwana, zovala zakuda za madamu, mashiti a m'mahotela, zimenezo ankabwera nazo matumba. Koma masamba a mango ankafuna zobiriwira zamitundumitundu, zakuda pang'ono za mkati mwa mtengo, zowala za kunsonga. Anazisaka zaka zitatu. Munthu wovala zobiriwira akalowa m'basi, Abiti Jali ankamuyang'ana ngati fisi woona mbuzi yotsimphina.

Apa ndi pamene inachokera nkhondo yathu yaikulu. Ndinali ndi diresi lobiriwira la ku tchalitchi limene linang'ambika m'khwapa. Ndinalisiya pa msomali ndikuti ndidzasoka. Linakhala pamenepo miyezi iwiri, sindikana. Tsiku lina pobwera kuntchito ndinapeza msomali uli wokha, ndipo nthambi ya kumanja kwa mtengo wa mango itaphuka masamba atsopano.

"Amama, diresi langa lija lili kuti?"

"Lili pa duty," anandiyankha osacheuka n'komwe. "Pa msomali paja limagwira ntchito yanji? Khalas, nkhani yatha, tsopano likupereka mthunzi kwa mwana wanga."

Sindinawayankhule masabata atatu. Iwo sanapepese, sanali munthu wopepesa ndi pakamwa. Ndinangopeza chitenje chatsopano pa pilo wanga, ndipo m'mawa mwake anandikoka chala cha kuphazi monga mwa masiku onse. Ndinayamba kukhala pambali pawo Lachisanu, kuwadulira timizere, ndipo nthambi imeneyo tinkaitchula kuti nthambi ya Esinati, dzina langa.

Lachisanu lililonse akaswali masana ankaimbira Asiyatu pa foni ya kanema. Asiyatu anali atakula, atakwatiwa, ndipo ndiye ankayang'anira zomanga. Abiti Jali ankalamula zonse ali kuno. Ankafuna njerwa zootcha, osati zidina. Anabwereza mawu amenewa mpaka tonse tinawaloweza. Ankati iwo sanasiye mwana wawo n'kudzakolopa zimbudzi za eni kuti akagone m'nyumba yosungunuka ndi mvula. Asiyatu ankawaonetsa khoma likukwera, kenako malata, kenako mazenera. Nthawi zonse ankajambula nyumbayo ataima malo amodzimodzi, chakutsogolo, ndipo palibe mmodzi wa ife anaganizapo kanthu.

Chaka chatha kunabwera Hawa, mayi wa ana awiri wochokera mudzi woyandikana ndi wa Abiti Jali. Abiti Jali anamulandira ngati mfumu. Anamuphikira tiyi wawo wa shuga uja, anamufunsa za anthu mmodzimmodzi, amene anamwalira ndi amene anakwatiwa. Kenako anamugwira dzanja n'kumuimika patsogolo pa felemu. Mtengo unali utatha sabata yomweyo. Kunangotsala thambo ndi m'mphepete.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ka Hawa kanacheka pamene sitinkayembekezera, ndipo iye sanadziwe kuti wanyamula kalumo. Anaomba m'manja, natchula phiri, natchula nyumba yakale. Kenako analoza mtengo.

"Mashallah, mango aja ndi awa. Tinkadya tikamachokera ku madrasa. Anthu anadandaula bwanji atawadula."

Abiti Jali anafunsa mofatsa kwambiri kuti atawadula liti.

"Si nthawi ya uvuni wanu uja, Amama? Nkhuni zinasowa. Mtengo umenewu ndi umene unaotcha njerwa za nyumba yanu. Papita zaka zitatu kapena zinayi. Ine ndimayesa mukudziwa."

Ine ndinamutsina Hawa pamkono, koma madzi anali atatayika kale. Abiti Jali anatenga foni n'kuimba, ngakhale nthawi yawo yoimbira inali isanakwane. Asiyatu atayankha, anamuuza kuti atuluke panja awaonetse nyumba. Asiyatu anapita pamalo ake a masiku onse. Mayi ake anamuuza kuti tsopano aloze foniyo pansi, pamene waima. Kenako tinaona mapazi a Asiyatu ali pa chitsa chachikulu chakuda. Zaka zonsezi ankajambula nyumba ataima pa chitsacho, kuti mayi ake asaone kuti mtengo palibe.

Sanamukalipire. Mayi amene ankatha kukalipa ola lathunthu chifukwa cha supuni yosatsuka anangoti chabwino, apereke moni kwa apongozi, n'kudula foni. Anakhala pa kampando kawo n'kuyang'ana kapeti nthawi yaitali. Kenako analowetsa kangowe pansonga ya nthambi, anatulutsa kansalu, n'kukoka.

Sindinkadziwa kuti ntchito ya zaka zitatu ingathe msanga chotero. Mzere uliwonse unkasololoka ndi kaphokoso kochepa ngati munthu akung'amba pepala pang'onopang'ono. Tinawagwira manja, anatikankha. Ndinawauza kuti chithunzi ndi chithunzi, akhoza kuusiya mtengowo ukhale chikumbutso. Anati iwo sangakayale bodza pabalaza, mwana wawo n'kumaliponda tsiku ndi tsiku akudziwa zimene zinachitika. Anati walira mvula walira matope, njerwa zootcha anazilira okha. Dzuwa lisanapendeke mtengo wonse unali mulu wa tinsalu pamapazi awo, nthambi ya Esinati ili momwemo. Pa chiguduli panatsala malo aakulu opanda kanthu, timabowo tokhatokha, kuwala kwa pazenera kukudutsamo. Kamtsikana ka diresi lofiira sanakakhudze.

Atatha anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, n'kuyankhula ngati akudziuza okha.

"Ndinamuuza kuti aime pamthunzi. Mthunziwo ndauotcha ndekha. Mwana wanga ali padzuwa."

Kuyambira tsiku limenelo anasintha, ngakhale mlendo sakanaona. Ankakalipabe za AC, ankatikokabe zala. Anamaliza thambo, anamaliza m'mphepete, anapinda ndi kusoka bwinobwino. Koma malo a mtengo anawasiya. Tinsalu tobiriwira tija anatikulunga m'chikwama cha pilo n'kuika kunsi kwa bedi. Tinayesa kuwapatsa nzeru. Wina anati alukepo nyumba yatsopano ya malata. Hawa, amene ankadziimba mlandu mpaka kuonda, anati alukepo maluwa. Onse anawakana. Anati aluka zokumbukira zaka zonsezi ndipo zawanamiza, tsopano adzaluka zimene adzaone ndi maso. Adzakhala pakhonde la nyumba yawo, Asiyatu ali pambali, adzayang'ana pamalopo, ndipo chimene chidzakhalepo ndi chimene adzaike, kaya ndi chitsa, kaya ndi mbuzi.

Ndipo kwa nthawi yoyamba anasiya kunena kuti adzapita nyumba ikatha. Anapita ku ofesi ya kampani n'kunena kuti kontilakiti ikatha sasainanso. Anauza Asiyatu kuti pulasitala asiye, adzamalizira limodzi. Tikiti inali ya pambuyo pa Idi. Anayamba kugawa zinthu zawo, mapoto kwa uyu, bulangete kwa uyo. Ine anandilonjeza rimoti, n'kunena kuti ndidikire akwere kaye ndege. Ankaimba nyimbo za Chiyao posamba, mawu awo oipa ngati a khwangwala, ndipo ife tinkawaseka.

Anagwa m'mawa wina tikutsika basi ku The Pearl, ndowa ili m'manja, kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti akwere ndege. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Sanatsegulenso maso, ndipo anamwalira tsiku lachiwiri masana. Abale kumudzi anagwirizana kuti thupi lisachedwetsedwe, monga chipembedzo chawo chimafunira, choncho anaikidwa konkuno. Ife akazi sitinapite kumanda. Amuna amene anapita anatiuza kuti zonse zinayenda mwa dongosolo. Ine ndinafunsa chinthu chimodzi, ngati pamene agonapo pali mtengo. Anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti pamenepo ndi mchenga ndi timiyala basi.

Patapita sabata Asiyatu anandiimbira. Ndinali ndisanayankhulepo naye ndekha, ndinkangomuona pa foni ya mayi ake. Anathokoza za maliro, tinakambirana za katundu, kenako anandifunsa.

"Anti, pa kapeti paja ine ndilipobe?"

Ndinamuuza kuti alipo, ndi diresi lake lofiira.

"Nanga mtengo?"

Ndinafuna kunama. Tinsalu tinali kunsi kwa bedi, kangowe ndinkatha kukagwira, ndikanakhala Lachisanu zingapo n'kubwezerapo iye osadziwa. Koma ndinakumbukira mawu a mwini wake onena za kuyala bodza pabalaza, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira pa Hawa mpaka pa zimene mayi ake ananena. Analira nthawi yaitali, ine ndikumvetsera tambala wa kwawo akulira chapatali.

"Anthu anandiletsa kudula," anatero pomaliza. "Koma omanga anati popanda nkhuni uvuni udikira chaka china. Ine ndinatopa kudikira, Anti. Ndinkafuna nyumba ithe kuti abwere."

Anandipempha kuti nditumize kapetiyo mmene ilili, pamodzi ndi kangowe ndi chikwama cha tinsalu. Sananene chimene adzachite nazo, ndipo ine sindinafunse. Tinaikulunga ine ndi Hawa, malo opanda kanthu aja ali mkati, ndipo inanyamuka ndi katundu wa anthu sabata yatha. Kansalu kamene ndasesa dzulo kanatsalira pamenepo. Ndi ka diresi langa lija.

Ndawasowa Abiti Jali. Ndasowa ngakhale kukokedwa chala, moti masiku ano ndimadzuka ndekha nthawi isanakwane n'kumadikira. Bedi lawo ndi la m'munsi, pafupi ndi zenera, ndipo kampani yati Lamulungu kubwera wina kudzagonapo. Matiresi akadali ndi dzenje la thupi lawo lalifupi. Rimoti ili pomwe inkakhala, pansi pa pilo, ndipo tonse anayi timagona tikutuluka thukuta popanda woitenga. Felemu yatsamira khoma, misomali yake ili ndi tiulusi ta chiguduli. Pa matailosi pali mabala anayi a miyendo ya kampando. Zaka zonsezi kapeti ija inkatchinga zenera, ndipo sitinkadziwa kuti chipinda chathu chinali ndi mthunzi chifukwa cha iyo. Tsopano ikakwana nthawi imene ankaimbira mwana wawo, dzuwa lonse limalowa m'chipinda n'kugwera pamene ankakhala, ndipo pansipo pamatentha moti sungapondepo wopanda nsapato.